Ziwala Zimene Ndinati N'za ku Chirinda

Ruda, Honde
Lamulungu masana

Esinati mwana wanga, Nambewe,

Amayi ako akutenga kukatsazika kwa akwawo, ndiye ndapeza mpata wokhala ndekha pakhonde ndi pepala. Mawa ukwera basi ya ku Joni, ndipo pali nkhani imene ndakhala nayo pakhosi miyezi khumi. Pakamwa yandikanika. Ndayesa kawiri sabata ino, koma ukangondiyang'ana ndi maso a amayi akowo ndimapezeka ndikukamba za mvula. Kalatayi ndiika pamwamba pa bokosi lako la mabotolo kuti usalinyamule usanaiwerenge.

Nkhani yake ndi iyi. M'bokosimo muli timabotolo tisanu ndi tiwiri ta ziwala zopanda mapiko, timene mapepala ake ndinalemba ndi dzanja langa kuti Chirinda. Ziwala zimenezo si za ku Chirinda, nkhalango ya pa phiri ija ya kutali kupitirira Chipinge. Ndinazigwira konkuno ku Honde, m'nkhalango ya pamwamba pa munda wa tiyi, malo omwewo amene iwe unagwirako zako. Ndikudziwa kuti ndi zimene zinakudabwitsa, ndi zimene unalembera pulofesa wako wa ku Joni, ndiponso ndi zimene wakuitanira. Werenga mpaka kumapeto, kenako ukwiye.

Ndiyambe ndi chimene sindinakuuzepo bwinobwino. Ndimakunyadira, Esinati, mpaka anzanga a ku fakitale anatopa nane. Ine ndagwira usikauti wa tizilombo pa esiteti ino zaka makumi atatu, kuyenda m'mizere ya tiyi mame ali m'miyendo, kutembenuza masamba, kulemba zimene ndaona n'kukapereka kwa akapitawo. Zaka zonsezo tizilombo tinali mitundu iwiri basi kwa ine, todya tiyi ndi tosadya tiyi. Iwe unabwera ndi funso limene m'mutu mwanga munali musanalowepo. Ukagwira kachilombo sumafunsa ngati kakuononga, umafunsa kuti mbale wake ndani, ndipo anasiyana liti.

Unandifotokozera ntchito yako titatsamira mpanda wa nazale, ndipo ngakhale sukulu yanga inathera Sitandade 5, ndinagwirapo izi. Chiwala chopanda mapiko sichingachoke m'nkhalango yake, chifukwa pakati pa phiri ndi phiri pali dziko louma limene sichingaoloke. Kalekale, nthawi imene mvula inali yambiri, nkhalango za m'mapiri muno zinali zogwirana. Dziko litauma zinadukaduka, ziwala za phiri lililonse n'kutsala pazokha, kuberekana zokhazokha, kumasintha pang'onopang'ono mpaka kusanduka mtundu wina. Iwe ukufuna kudziwa kuti za ku Mulanje, za ku Honde ndi za ku Chirinda, ziti zili ngati ana a mimba imodzi, ziti ndi asuweni chabe. Ndiye utapeza kuti zanga zija zikufanana ndendende ndi za kuno, mpaka zam'kati zimene mumati DNA, unalumpha n'kunena kuti nkhalango ziwirizi zinalekana dzulodzuloli. Mwana wanga, zinafanana chifukwa zinachokera pa tchire limodzi.

Kulakwira ntchito yako sindinayambe lero. Uli ndi zaka zisanu ndi zinayi unkasunga zikumbu m'mabokosi a machesi, mabokosi oposa makumi awiri kunsi kwa bedi, lililonse utalilemba kumene unachitola. Tsiku lina china chinaola, fungo linadzaza nyumba, ndipo ine ndinali nditachokera kokalipiridwa ndi manijala. Ndinawola onse n'kuwaponya pamoto. Sunalire mokweza. Unangoima pakhomo n'kundifunsa kuti, “Baba, chija chobiriwira ndichipezanso kuti?” Ndinakuuza kuti mwana wamkazi asamatole zinyalala. Mpaka lero ndikaona bokosi la machesi lopanda kanthu ndimachita manyazi. Ndiye iwe, poti tsopano umaphunzitsa ana a eni, wina akadzakubweretsera kanthu koseketsa m'manja, yamba wafunsa kumene anakatola usanaseke. Ndipo kumene ukupitako kuli anthu amene adzakufunse kuti mtsikana wa m'komboni akufuna chiyani ndi ziwala dziko lake lili ndi njala. Usadzawayankhe ndi mkwiyo. Ndinali mmodzi wa iwo, ndipo taona lero ndikuyenda ndi timabotolo m'thumba.

Cholakwa china ndinachichita pa ntchito yanga yomwe, iwe usanabadwe. Mu nazale munagwa nsabwe za tiyi, ndipo pakati pake ndinaona tizilombo tina takuda, taminga, toipa maonekedwe, tikuyendayenda pa nsonga. Ndinali wachinyamata wofuna kuoneka wodziwa. Sindinafunse munthu, ndinangolemba kuti kwabwera chilombo chatsopano choopsa, tipopere msanga. Tinapopera. Patatha masabata atatu nsabwe zinabwerera mowirikiza, nazale yonse inapiringizika masamba, ndipo palibe anadziwa chifukwa chake. Unandiuza ndiwe, patapita zaka zoposa makumi awiri, utasunga kamodzi m'botolo la jamu mpaka kanasanduka kachikumbu kofiira ka madontho akuda, kamene ndinkakadziwa bwino kuti kamadya nsabwe. Ndinapha antchito anzanga chifukwa ana ake safanana ndi make. Safunsa anadya phula, Esinati. Kumeneko ukakumana ndi makina ndi mawu amene sunawaonepo. Funsa, ngakhale kwa munthu wotsuka mabotolo, ndipo usachite manyazi kunena kuti sukudziwa.

Ukukumbukira tsiku la ngumbi? Mvula yoyamba itagwa amayi ako anakazinga mbale yodzaza, tonse tikudya m'manja muli mafuta, iwe n'kunena mosaopa kuti akatswiri tsopano agwirizana zoti chiswe ndi mphemvu ndi banja limodzi. Amayi ako anaimitsa dzanja m'malere.

“Nhai Esinati, chokwadi here? Ishwa nemapete? Ukutanthauza kuti ine ndakazinga mphemvu?”

“Asuweni ake, Mhamha. Mphemvu zimene zinaphunzira kukhala pamodzi.”

“Sukulu yakupengetsa iwe. Bweretsa mbaleyo ngati ukunyansidwa.”

Iwe sunanyansidwe, unatha theka la mbale. Ine ndinaseka mpaka kutsamwa, koma mumtima ndinkati mwanayu wanama. Patapita miyezi ingapo ndinabwera ku Harare kudzapimitsa maso, ndipo unandikhazika kumbuyo kwa kalasi yako ndi jekete langa la kutchalitchi. Aphunzitsi anzako ambiri anali atapita kunja. Choko kunalibe, unkalemba ndi zibenthu za pulasitala wogwa kukhoma. Ophunzira anali ochepa, ena milomo itauma ndi njala. Unajambula mtengo waukulu pa bolodi, nthambi iliyonse mtundu wake wa tizilombo. Kenako unawauza kuti chaka chatha unawaphunzitsa kuti chiswe chili ndi nthambi yakeyake, koma umboni watsopano wabwera, ndipo zimene unawauza zija sizinali zoona. Unafufuta nthambiyo ndi mkono wa bulauzi, n'kuijambulanso ikuphuka mkati mwa nthambi ya mphemvu. Mnyamata wina wamakani anafunsa kuti nanga chaka chamawa mudzafufutanso? Unamuyankha kuti, “Ukandibweretsera umboni, ndifufuta uli pomwepo.” Ine ndakhala pansi pa mabwana ambiri, ndipo sindinaonepo ngakhale mmodzi akunena pagulu kuti analakwitsa. Ndinatuluka m'kalasimo misozi ili m'maso, n'kunamizira mankhwala a kuchipatala. Ndinaona zimenezo ndi maso anga, komabe patapita miyezi ndinachita zosiyana nazo.

Unandiphunzitsa kulemba timapepala ta m'mabotolo: malo, tsiku, dzina la wogwira, zonse ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka mu sipiriti. Unati chilombo chopanda pepala ndi nyama chabe, ndipo cha pepala labodza n'choipa kuposa pamenepo. Ndinayenera kumva mawu amenewo kuposa munthu wina aliyense. Agogo ako atafika kuno kuchokera ku Mulanje, ine ndili wamng'ono, kalaliki wa pa esiteti anawafunsa kwawo. Anatchula mudzi, kalaliki sanaumve, anatchulanso, sanaumve, ndiye anangoti, “Lembani Blantyre.” Ine nditakula, tsiku lotenga chitupa, anandifunsanso. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinati zisiyeni momwemo. Lamulo lija litabwera loti ife a makolo akunja tikaonetse mapepala ndi kukana dziko lakwathu, ndinapezeka kuti ku Blantyre kulibe amene amandidziwa, ndipo dzina la mudzi weniweni linapita ndi agogo ako kumanda. Ukandifunsa lero kwathu, ndikuuza phiri, mudzi sindiudziwa. Unandifunsapo uli ku sekondale ndipo ndinakukalipira kuti umafunsa zambiri. Chinali chifukwa choti yankho ndinalibe. Pepala lililonse limene udzalembe m'moyo wako, la chiwala kapena la mwana wako, udzalembe malo enieni, ngakhale mzere utalike bwanji.

Tsopano ndikuuze mmene zinakhalira. Unali mwezi wa Epulo chaka chathachi, mavoti atangochitika, misewu itaipa. Unatumiza uthenga kuti mvula ikutha, ziwala zisowa posachedwa, ndipo ngati sutumiza za ku Chirinda chaka chimenecho mwayi wa ku Joni ukudutsa. Unamaliza ndi mawu akuti, “Ngati simungathe, Baba, ndipita ndekha.” Mawu amenewo ndi amene anandinyamula. Ndinapempha masiku kuntchito, ndinafika ku Mutare, ndinadikira tsiku lathunthu kombi yokhala ndi mafuta. Titayenda pang'ono kulowera ku Chipinge tinapeza anyamata a chipani atatchinga msewu ndi mitengo. Anatitsitsa tonse n'kuitanitsa zitupa. Changa chili ndi chilembo chija chosonyeza kuti ndine mlendo m'dziko muno.

“Mubhurandaya uyu,” anatero wina, kutanthauza wa ku Blantyre, dzina limene amatinyoza nalo ife alendo. Anakhuthula chikwama changa, timabotolo n'kumwazika m'fumbi. “Mudhara, muri kuendepi nemabhodhoro aya? Mishonga?”

Ankafunsa kumene ndikupita ndi mabotolowo, ndiponso ngati anali mankhwala. Ndinati ndi za sukulu ya mwana wanga, ndikukagwira ziwala. Anaseka kwambiri. Wina ananunkhiza sipiriti n'kumuthira pansi, wina anandikhazika m'ngalande n'kundiuza kuti ndiimbe nyimbo zawo. Ndinaimba, mwana wanga, bambo ako a imvi. Pambali panga panali mphunzitsi wina amene sanamuimbitse, anapita naye kuseri kwa tchire, ndipo zimene ndinamva kumeneko sindilemba. Dzuwa litapendeka anandiuza kuti ndibwerere kumene ndachokera.

Ndinatola timabotolo timene sitinasweke n'kubwerera ku Honde. Njira yonse ndinkaona iwe uli m'ngalande muja, mphunzitsi, mtsikana, wa chitupa chokayikitsa. Ndinkadziwa kuti ndikakuuza zoona unyamuka m'mawa mwake, chifukwa makani ako ndi a amayi ako. Ndiye ndinakwera kunkhalango ya kumtunda, ndinagwira ziwala zisanu ndi ziwiri, ndinathira sipiriti wotsala kunyumba, ndinanola pensulo. Ndinadziuza kuti chiwala ndi chiwala, nkhalango ndi nkhalango, uziyang'ana n'kuziika pa shelefu. Sindikunena izi kuti undikhululukire msanga. Panali njira yachitatu, yokuuza zoona n'kukugwira mwendo kuti usapite, ndipo ndinaiopa chifukwa inafuna kuti ndikuuze kuti ndinaimba m'ngalande. Mantha ndinali nawo, koma manyazi ndiwo anagwira pensulo. Chenjera ndi bodza lobwera litavala chifundo, Nambewe, chifukwa limenelo ndi limene munthu wabwino amanena.

Zengerezu analinda kwawukwawu. Utaimba foni kwa akapitawo kuti ziwala zafanana, ndikanakuuza. Utabwera ndi kalata ya pulofesa, ndikanakuuza. Unandionetsa zimene unalemba, dzina langa lili m'munsi mwake ngati wogwira ziwala za ku Chirinda, L. Mbewe, ndipo ndinayenda nalo pepalalo komboni yonse kuonetsa anthu. Tsiku limene amayi ako anapha nkhuku yathu yomaliza kukondwerera, ine ndinangonyambita msuzi. Iwo anaona. Alendo atapita anandipeza kuseri ndikunamizira kukonza khola.

“Baba vaEsinati, nkhuku simunadye. Mwadwala kapena mwaba?”

Ndinawauza zonse. Iwo anati, “Saka mwana akakaima pamaso pa azungu ndi ziwala zanu zabodza, manyazi adzakhala a ndani? Mlandu suola, bambo. Muuzeni. Koma musapite kwa iye manja ali lende.”

Ndi chifukwa chake sabata yapitayo sindinali kuno. Tinakuuza kuti ndapita kukaona azakhali ako ku Gaza, komboni ija ya ku Chipinge, chifukwa akudwala mwendo. Mwendo akudwaladi, koma ndinagonako tsiku limodzi lokha. Misewu tsopano yazizirako. Ndinakwera lole ya matabwa mpaka kufupi ndi phiri, kotsalako ndinayenda pansi, ndipo ndinalowa m'Chirinda koyamba m'moyo wanga. Esinati, mitengo ya kumeneko! Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndavula. Ndinachita monga unandiphunzitsira, kufuna m'mphepete mmene dzuwa limalowa, kugwedeza zitsamba pamwamba pa nsalu yoyera, kudikira mame aume. Tsiku loyamba palibe. Lachiwiri mvula tsiku lonse. Lachitatu ndinagwira zamapiko zokhazokha n'kuzitaya. Mlonda wa nkhalango, Mndau wina wokoma mtima, ankandiyang'ana ngati wamisala, koma anandigawira chinangwa chake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinkadziuza choncho mawondo akulira.

Tsiku lachinayi, cha m'ma leveni, ndinazipeza ziwiri pa chitsamba chimodzi m'mbali mwa kanjira, chachimuna ndi chachikazi, zopanda mapiko. Ndinaziika pachikhatho n'kuvala magalasi. Ndikuuze zoona, popeza lero ndi tsiku lake: m'maso mwanga sizikufanana ndi za kuno. Miyendo yakumbuyo ndi yofiirira kunsi, ndipo chachimuna chili ndi kamzere kachikasu kuchokera pa diso, kamene za ku Honde zilibe. Ine si katswiri, mwina makina ako adzanena zina. Koma zaka makumi atatu ndakhala ndikuyang'ana tinthu tating'ono, ndipo mtima unandiuza kuti zimene unalemba zija zagwa. Ndinakhala pa chitsa nthawi yaitali dzanja lili chofumbata. Kungotambasula zala, zikanalumphira m'tchire, ine n'kubwera kudzakuuza kuti sindinapeze kanthu. Ndinaganiza zimenezo, sindikubisa. Kenako ndinatsegula botolo.

Kabotolo kameneko ndakakulunga mu sokosi yanga yabuluu, kali pakona ya bokosi lako. Tisanu ndi tiwiri tija usatitaye, ziwala zake n'zabwinobwino, ungosintha mapepala ulembe Honde, m'nkhalango ya pamwamba pa munda wa tiyi, sabata yachitatu ya Epulo. Za mapepala ako a pamalire, ngati amawerenga mabotolo, uona wekha mmene ungachitire.

Zina zonse amayi ako akuuza kale kangapo. Uzidya, usamangomwa tiyi pa maikulosikopu. Kumeneko nakonso alendo sawakonda masiku ano, ndiye uziyenda ndi maso, koma usadzabise kwanu. Chinyanja chako chopindika ndi Chishonacho usachitaye, udzachifuna tsiku lolira. Ukadzayamba kuphunzitsa kumeneko, uziphunzitsa monga ndinakuonera tsiku lija, ngakhale choko chidzakhale chodzaza bokosi.

Koma chachikulu ndi ichi, ndipo ndikubwereza kuti usadzati sunamve. Ukafika, usadikire kuti uzolowere, usadikire kuti akukonde kaye. Tsiku loyamba lomwelo, usanamasule sutikesi, pita kwa pulofesa wako ndi kabotoloko ndi kalata ino ngati ukufuna. Sindikudziwa kuti adzatani. Mwina adzati ntchito ikadalipo, poti ziwala ziwirizo nazonso zikufunika kudziwika abale ake. Mwina adzati bwerera kwanu. Ndaganiza za zimenezo mpaka mutu kuwawa, ndipo ndikudziwa kuti ngati ubwerera, wakubweza ndi ine. Ukakhala chete palibe angadziwe, mwina zaka khumi, mwina mpaka kale. Koma ukamanga nthambi pa mapepala anga aja, ana a eni adzaikopera m'makope mwawo, ndipo iwe udzakhala ukudziwa.

Usakanene kuti mapepala anasokonekera panjira. Usakanditeteze. Ukanene kuti wogwira ziwala ananama, ndipo akakufunsa kuti ndani, utchule dzina lonse, Laisoni Mbewe, sikauti wa pa esiteti ya tiyi, bambo ako. Ukanenenso kuti ziwiri zatsopanozo anagwira ndi yemweyo, ndiye ali ndi ufulu wozikayikira. Mlonda uja anasaina kuseri kwa pepala kuti anandiona, ndinachita kumupempha, chifukwa mawu anga okha sakukwaniranso.

Mawa ndidzanyamula bokosilo mpaka pa basi, ngati udzandilola. Ukapanda kundiyankhula ndidzamvetsa, ndipo ndidzaimabe pomwepo mpaka basi itakhota.

Ndine bambo ako,
Laisoni Mbewe